Chipinda cha Pampata

Kumalaini kwathu amamutcha Njerwa, ndipo dzinali analipata tsiku lomwe anapondako koyamba. Anabwera Loweruka lina ndi kagulu ka anthu a nsapato zoyera, akuwayendetsa m'tinjira tathu n'kumawalozera nyumba ngati kuti ife okhalamo tinasamuka kalekale. Ine ndinali pampopi, ndipo anandinyansa asanandiyankhule n'komwe. Munthu wamkulu ndi ndevu zake, kumasisita khoma la chimbudzi n'kumati ndi lokongola. Ndinamufunsa ngati kwawo kulibe makoma. Anaseka n'kuyankha kuti alipo, koma alibe nkhani. Sipanathe miyezi yambiri, ndinapezeka kuti ndine amene ndikuyenda naye m'malainimo madzulo, ndipo musandifunse kuti mkwiyo uja unathera pati chifukwa nanenso sindikudziwa.

Ntchito yake ndi yojambula mapulani a nyumba zatsopano, koma mtima wake uli pa zakale. Malaini athu anamangidwa ndi fakitale ya nsalu imene inatsekedwa ine ndikukwawa. Ndinabadwira momwemo, komabe anachita kundionetsa ndi iyeyo. Anandionetsa kuti mawindo anawaika m'mwamba dala, kuti wogwira ntchito usiku azigona masana osasokonezedwa ndi odutsa. Anandigwiritsa miyala ya kochapira, imene inakumbika ndi manja a azimayi oti ambiri a iwo ali kumanda. Anandiimika pansi pa nsanja ya belu kuti ndione mmene nyumba za makapitawo zinakhalira kumtunda, za makonde, zonse kuyang'ana kumunsi, kuti kapitawo azimwa tiyi uku akuona amene wachedwa. Ine nyumba zimenezi ndinkangoonamo umphawi basi. Koma iye akamayankhula, ndinkamva kuti nanenso ndinakulira pamalo oti munthu n'kuwatchula osachita manyazi.

* * *

Panali chinthu chimodzi chimene sindinamuonetse. Nyumba zathu ndi za chipinda chimodzi, zogundizana ziwiriziwiri, ndipo pakati pa ziwiri izi ndi ziwiri zinazo anasiya mpata wodutsa ngolo ya zinyalala. Mipata ina fakitale inatseka yokha kalelo kuti mukhale mosungira katundu. Ina anatseka ndi abambo anga. Ofesi ya eni nyumba imaletsa kuwonjezera ngakhale njerwa imodzi, koma banja la ana ambiri lingagone bwanji m'chipinda chimodzi? Abambo ndi mmisiri womanga. Ankatola njerwa m'mabwinja a fakitale, n'kumanga, n'kupaka laimu wosakaniza ndi mwaye, pamwamba n'kufolera ndi malata adzimbiri. Anayamba ndi mpata wathu, kenaka wa uyu, wa uyo, mpaka malaini onse. Mapulani akale anatayika, akuluakulu a kuofesi asinthana kangapo, ndipo panalibe mlendo amene anasiyanitsapo khoma la fakitale ndi la abambo. Kwathu mwana amadziwa kuti khoma salozera mlendo asanadziwe n'kumanga nsapato komwe.

Chipinda chathu cha pampatacho ndi mmene abambo amagona tsopano. Sitiroko inawapha mbali yakumanzere n'kuwalanda mawu ambiri. Pakhomo la nyumba yeniyeniyo pali masitepe, ndipo m'katimo muli amayi, ine ndi mashini anga osokera, moti bedi lina silingakwanemo. Chapampata khomo lake lili kuseri, lalikulu, lopanda sitepe, chikuku chawo chimalowa bwinobwino.

Madzulo ena kunja kuli mitambo, Njerwa anaima pakhoma limenelo. Anayendetsa chala mumzere wa pakati pa njerwa, n'kubwerezanso, nkhope ikuwala ngati mwana woti waona switi.

"Amene anamanga apa ndi wamanzere," anatero. "Taona mmene mpeni womangira unakokera. Omanga malainiwa onse ankakokera uku, uyu yekha akukokera uko. Ndamuonanso m'malaini ena. Ndi ndani munthu ameneyu?"

Ndikanatha kunena kuti sindikudziwa, koma kuyambira pamene abambo anagwa palibe amene anawatchulapo ndi mawu otere. Ndinamuuza zonse. Kenaka ndinamugwira pachibwano kuti ayang'ane ine, asiye khomalo, n'kumuuza kuti zimenezi sizituluka. Anandilumbirira kuti khoma lathu sadzalozera munthu aliyense. Ndinakhutira, tinapitiriza kuyenda.

* * *

Amayi sanamufune Njerwa chiyambire. Ankati mwamuna wopereka moni maso ali kudenga ndi wowerengera katundu wa eni ake. Iwo mtima wawo unali pa Mwana wa Kapitawo, amene ali ndi sitolo ya zitsulo m'tauni ndipo anatsala yekha m'nyumba ya khonde ya malemu bambo ake. Chikuku cha abambo anagula ndi iyeyo, ndipo amayi sankalola dzuwa kulowa asanandikumbutse. Nkhope si woipa ayi, koma amaseka ndi mano okha, ndipo akamakuthandiza amayamba waonetsetsa kuti laini yonse ili panja.

Tsiku limene Njerwa analowa kukaona abambo, anagwada pambali pa bedi n'kutenga dzanja lakufa lija m'manja mwake. Anawauza kuti wayenda m'mizinda yambiri kuona nyumba zakale koma dzanja lotere sanalionepo. Abambo milomo inanjenjemera, misozi n'kutsikira kukhutu. Anthu anali atazolowera kukamba za iwo ali pomwepo ngati akukamba za kabati, koma uyu anayankhula nawo ngati mmisiri. Ngati panali kachidutswa ka mtima wanga kamene ndinali ndisanamupatse, kanapita tsiku limenelo.

Amayi anaonera zonsezi pakhomo, manja atapinda. Njerwa atachoka, anandifunsa kuti wamuuza ndani. Ndinati lamuuza ndi khoma lenilenilo.

"Ndiye khoma lomwelo lidzatiuze kokagona," anatero amayi, n'kubwerera kukachapa.

* * *

Nkhani yoipa inabwera ndi Mwana wa Kapitawo, ndipo inamukomera kunyamula. Linali Loweruka masana, ine ndili pamashini. Anakhala pampando asanauzidwe, anafunsa za abambo, anayamikira diresi imene ndinkasoka, kenaka n'kufika pa chimene anadzera.

Anati m'mawa umenewo Njerwa anaimika kagulu kake kulaini yakumunsi, pakhoma la a Belu. A Belu ndi mkulu amene ankaliza belu la fakitale, mnzawo wa abambo kuyambira ali anyamata, ndipo m'chipinda chawo cha pampata mumagona zidzukulu zimene mwana wawo anasiya. Pamenepo Njerwa anauza alendowo za mmisiri wina wosatchulidwa dzina, woyenera ulemu wa mzinda wonse, n'kuwagwiritsa mzere wokokera kumanzere uja mmodzimmodzi. Mayi wina wa ambulera yakuda anafunsa ngati makoma otere alipo ambiri. Njerwa anayankha monyadira kuti ali mbwee, ndipo iye akhoza kuwapeza onse ngakhale atatsinzina.

"Mayi ameneyo ndi mkulu watsopano wa ofesi ya eni nyumba," anatero Mwana wa Kapitawo. "Ndimawadziwa, amagula maloko kusitolo kwanga. Ine ndangoti mumve kwa ine, achemwali, musanakamve pampopi."

Singano inandibaya chala osamva kuwawa. Atangotuluka ndinatenga foni n'kulembera Njerwa kuti wachita chiyani. Anayankha nthawi yomweyo.

"Khoma lanu sindinalionetse. Ndadutsa osaliyang'ana n'komwe. Lonjezo ndasunga."

Uthengawo ndinauwerenga mobwereza, ndipo chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti sankanama. Iye anamva kuti chinsinsi ndi cha nyumba yathu. Munthu woti anakulira m'nyumba ya mpanda, yoyakeyake, akanadziwa bwanji kuti kumalaini khoma la mnzako ndi lako? Ndinamulembera kuti watiphera tonse pamodzi, n'kuzimitsa foni. Ndinalira ndi mkwiyo, kenaka ndinalira chifukwa ndinkamufunabe, ndipo kulira kwachiwiriku kunandichititsa manyazi.

* * *

Sipanapite nthawi, mayi wa ambulera anaitanitsa msonkhano pansi pa nsanja ya belu. Anayankhula mokoma, sindingamunamizire. Anati malaini athu ndi chuma cha mzinda, sadzagwetsedwa, ndipo ofesi iwakonza kuti aoneke ngati mmene analili atangomangidwa. Anthu anaomba m'manja. Kenaka anati kuti zimenezi zitheke, chilichonse chowonjezera chichotsedwa ndipo mipata yonse itsekulidwa. Manja anaima m'malere. Palibe anayang'ana kwa ine, koma ndinkamva maso awo kumsana.

Madzulo ake Mwana wa Kapitawo anabwera atavala jekete. Anauza amayi kuti asade nkhawa, kunyumba ya khonde kuli chipinda chongokhala, chapansi, cholowa dzuwa, ndipo sitepe yake aiphwanya mawa lomwe kuti chikuku chizilowa. Sanatchule dzina langa ngakhale kamodzi, ndipo panalibe chifukwa cholitchulira. Amayi anathokoza mpaka kumuperekeza kumsewu, chinthu chimene sachitira ngakhale abusa.

Pobwera anandipeza ndikupukuta abambo kumaso. Anandikokera kukhomo kuti abambo asamve.

"Khomali likagwa, bambo ako apita kumtunda," anatero. "Ndipo sangakagone m'nyumba ya munthu amene iwe ukumukana. Ndakulekerera mokwana. Wako uja watichotsa denga, uyu akutipatsa. Usandiuze za chikondi, chikondi sichifunda munthu wodwala."

Ndinabwerera kukamaliza kupukuta abambo. Amayi si ankhanza. Ndi munthu woti wakhala akutembenuza mwamuna wake pabedi zaka zonsezi mpaka msana unapindika, ndipo wafika poti akaona pogona safunsa zambiri.

* * *

Njerwa ndinakumana naye kochapira, kukuwaza kamvula, popanda wochapa. Anali ataonda, malaya osasita. Anafuna kundigwira dzanja koma ndinalibisa kumbuyo. Anapepesa mpaka mawu anamuthera. Anati ankafuna kuti ntchito ya abambo idziwike iwo akadali moyo, kuti asadzapite anthu akuganiza kuti makoma amenewa anamera okha. Ndinamuuza kuti abambo anathera ukatswiri wawo wonse pofuna kuti ntchito yawoyo isadziwike, ndipo iye waiululira m'mawa umodzi.

Anakhala pamwala wochapira, mutu pansi. Kenaka anandiuza zimene anandiitanira. Mayi wa ambulera anamupempha kuti akhale wolozera makoma, poti palibe wina wodziwa kusiyanitsa. Iye anayamba wakana. Mayiyo anati palibe vuto, akakana abweretsa anthu a nyundo kuti atsekule mpata uliwonse, wa fakitale ndi wosakhala wa fakitale, kuti asavutike n'kusankha.

"Ndikavomera, ena apulumuka, amene anatsekedwa ndi fakitale," anatero. "Ndipo lanu ndilidumpha. Ndinena kuti ndi lakale. Andikhulupirira."

"Nanga a Belu?"

"Khoma la a Belu mayi uja analiona ndi maso ake. Sindingalibweze."

"Nanga enawo?"

"Ndikadumpha onse adziwa kuti ndikunama. Limodzi ndingathe." Anandiyang'ana, maso ofiira. "Ndamva za chipinda cha kumtunda. Sindingakuone ukukwera chitunda chija chifukwa cha pakamwa panga. Ndiuze chochita, ndichita chimene unene."

Ndinayang'ana malaini onse ali ndondondo m'kamvulako, utsi ukutuluka m'machumuni, zovala zitaiwalidwa pachingwe. M'nyumba iliyonse ndinkadziwa amene amagona pampata. Ndinaganiza za iwo, kenaka ndinaganiza za abambo akunyamulidwa kupita kunyumba ya khonde ine ndikutsatira pambuyo ndi mashini anga. Sindinamuuze kuti avomere. Sindinamuuzenso kuti akane. Ndinangomulola kundigwira dzanja, ndipo iye anamva zimene anafuna kumva.

* * *

Anabwera m'mawa wa tsiku lina lozizira, kumwamba kuli bii. Patsogolo panali mayi wa ambulera, pambuyo amuna awiri a ovololo atanyamula chitini cha penti yofiira, pakati Njerwa. Anayambira laini yakumunsi. Njerwa ankaima pampata, n'kuyendetsa chala mumzere, n'kugwedeza mutu. Akavomera, wa ovololo ankalemba mtanda waukulu wofiira pakhomapo. Chala chomwe chija chimene chinkandionetsa kukongola kwa kwathu.

Palibe anapita kuntchito tsiku limenelo. Anthu ankatsatira chapatali, osatukwana, osagenda, ongoyenda mwakachetechete ngati akuperekeza maliro. Mtanda ukalembedwa, mwini nyumba ankatsala pakhomo pake kanthawi, kenaka n'kulowanso m'gulu kuti akaone wotsatira. Pakhoma la a Belu penti inachucha mpaka pansi, ndipo mkuluyo anangovula chipewa.

Pofika laini yathu gulu linali litakula. Analemba kwa oyandikana nafe akumunsi. Kenaka Njerwa anaima pathu. Ine ndinali pasitepe, amayi pakhomo. Anaika chala mumzere uja. Anakhalitsa. Mayi wa ambulera anafunsa ngati pali vuto.

"Ili ndi la fakitale," anatero Njerwa osandiyang'ana. "Tiyeni."

Anapitirira, n'kulemba kwa oyandikana nafe akumtunda. Ndinamva amayi akupuma kumbuyo kwanga. Ine mtima unatsika, ndipo kwa kamphindi ndinasangalala, zoona ndinasangalala. Kenaka ndinaona kuti gulu silinatsatire. Anthu onse anaima pathu. Mulaini yonseyo, kuchokera kumunsi mpaka kumtunda, mpata uliwonse unali ndi mtanda wofiira, kupatula wa nyumba ya mtsikana amene amayenda ndi wolozerayo. Ndipo panalibe mmodzi m'gulumo amene sankadziwa kuti khoma lathu ndi limene abambo anayamba nalo.

Chapamasana a ovololo anasiya chitini pansi pa mtengo n'kupita kukadya. Mayi wa ambulera analowa m'galimoto yake kukaimba foni. Njerwa anaima yekha kumapeto kwa laini, palibe womuyandikira. Kumtunda, Mwana wa Kapitawo anali pakhonde pake, kapu m'manja, akuyang'ana kuno.

A Belu anayenda pang'onopang'ono kupita pamtengo paja. Anaviika bulashi m'chitini, n'kubwera nayo, anthu akuwapatukira. Anaima patsogolo panga. Sanakweze mawu, ndipo m'maso mwawo munalibe chidani, munali kutopa kokha.

"Mwanawe," anatero, "bambo ako anatimangira tonse ndi dzanja limodzi, ndipo tonse tinamusungira pakamwa. Zidzukulu zanga sindikudziwa kuti zigona kuti. Sitinabwere kudzakangana. Lemba wekha khoma lakoli, tikhalebe anthu amodzi. Ukakana, ndipita pagalimoto paja ndikawauze mayiwo kuti mnyamata wakoyo wanama, ndipo wanama chifukwa cha iwe."

Anandipatsira bulashiyo m'manja n'kupinda zala zanga kuti ndiigwire. Ndinayang'ana amayi, koma iwo maso anali kumtunda, kunyumba ya khonde. Ndinayang'ana Njerwa, iye anapukusa mutu kuti ndisatero. Penti inayamba kutsika m'dzanja langa mpaka pachigongono. Kuseri kwa khomalo bedi linalira, ndipo abambo, amene anamva zonse, anayamba kumenya njerwa ndi dzanja lawo lamoyo, akuyesetsa kutchula dzina langa. Sindinadziwe ngati akundiletsa kapena akundiuza kuti ndilembe.